Mabatani a Mdala Derek

Yamikani ndi Thoko, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito imene ndinkagwira ku Coventry inali yotani kwenikweni. Ndikayamba kufotokoza mumaseka, mumati bambo anu ankalipidwa chifukwa chodina mabatani a foni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Simulakwa ayi, zinalidi choncho. Koma pali zina zimene sindinakuuzeni, makamaka za a Derek, mzungu wachikulire uja wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene anasiya kubwera kwathu inu mukadali aang'ono. Tsopano ndapuma pantchito, mayi anu akadali ndi mashifiti awo kuchipatala ku Edgbaston, nyumba imangoti zii, ndiye ndati ndilembe. Ndalemba m'Chichewa mwadala, ndipo mawu a azungu ndawaika m'chinenero chathu monga ndinawamvera. Pokuvutani mukafunse mayi anu.

Limbe, ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza sukulu ya ntchito zamanja ndinalembedwa pa shopu yokonza mawailesi ku Limbe. Ndinali mnyamata wochokera kumudzi, wamanyazi, woti munthu wamkulu akandiyang'ana maso anga ankathawira pansi. Ndinkafika mwini shopu asanafike, n'kusesa ndi pakhonde la eni ake ena pomwe, kuopa kuti wina angati mnyamata watsopanoyu ndi waulesi. Zipangizo zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Wailesi ikafa sitinkaitaya, tinkaiphwasula n'kusunga tizidutswa take m'zitini za mkaka kuti tidzachiritsire ina. Kumeneko ndiko manja anga anaphunzira kusathamanga, chifukwa kachidutswa ukakapsereza powotcherera, kena sukanakapeza ngakhale utayenda Blantyre yense. Mwini shopuyo anandiphunzitsanso chinthu china. Tsiku lina bambo wina anabwera ndi wailesi yake panjinga kuchokera ku Chiradzulu, ine nditaitsegula ndinangoti, “Bambo, iyi yafa.” Munthuyo atapita, abwana anandikokera kuseri. “Iwe, kwanu uthenga wa maliro amauponya choncho? Munthu wapalasa njinga mtunda wonsewo, umukhazike kaye pansi. Uziti ikudwala, matenda ake ndi aakulu, tiyesetsa. Iye amva yekha.” Ndinaona kuti akunena zoona, pakuti ndi mmenenso akulu ankachitira kwathu ku Ntcheu. Ndinakhala pa shopu imeneyo zaka zambiri, mpaka ndinakwatira mayi anu, amene anali atangoyamba kumene unamwino.

Longbridge, chaka chimene tinafika

Mayi anu atapeza ntchito kuno, ine ndinabwera ngati chimodzi mwa zikwama zawo. Mapepala anga a ku Malawi panalibe amene ankawayang'ana kawiri. Ndinakolopa m'maofesi, ndinanyamula makatoni, ndinasamalirako ndi nkhalamba. Sindinkadandaula pakamwa, koma manja anga ankandifunsa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mpanda wamatabwa wofika m'chiuno, ndipo tsidya lake kunali kashedi ka a Derek, kanyumba kosungiramo zipangizo zawo. Loweruka lililonse ankakhala mmenemo kumvera mpira pa wailesi yakale imene inkangodukaduka mawu. Ikaduka ankaimenya ndi chikhatho n'kuitukwana. Ndinamva kumenyako milungu ingapo, mtima ukundipweteka chifukwa cha wailesiyo, koma manyazi akundiletsa. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinatsokomola pampanda n'kupempha kuti ndiione. Vuto linali laling'ono, waya unali utamasuka. Pamene ndinkawotcherera, iwo sankayang'ana wailesi, ankayang'ana manja anga.

“Umagwira ntchito yanji?” anandifunsa.

“Ndimakolopa, bwana.”

“Manja awa ukukolopera pansi? Ndipo ine si bwana wako, ndine Derek basi.”

Kutchula munthu wa imvi ndi dzina lake lokha pakamwa panga pankakana. Ndinawafotokozera kuti kwathu mkulu wotere timati mdala, iwo n'kuseka mpaka kukhosomola, n'kuitana akazi awo, mayi Sheila, kuti adzamve dzina lawo latsopano. Kuyambira pamenepo anali mdala, ine ndinali Mark, popeza Maliko linkawakola lilime. Anali katswiri wosema zikombole zachitsulo, zoumbira zinthu zapulasitiki. Anayamba ntchito ali mnyamata pa fakitale ya magalimoto ija ya ku Longbridge, pamene lero pali mashopu amene mumakagulako zovala, ndipo atachotsedwa kumeneko anapeza malo pa kampani yaing'ono ku Foleshill. Ndi iwo anakandinenera kumeneko. Pa tsiku loyesedwa anandibwereka tayi yawo, n'kundiuza kuti, “Ukawayang'ane m'maso. Ukayang'ana nsapato zako aziti waba kanthu.”

Foleshill, zaka za mabatani

Inu mwakula ndi mafoni agalasi lokhalokha, ndiye ndifotokoze. Nthawi imeneyo kunabwera mafoni otha kulandira ndi kutumiza maimelo, okhala ndi kiyibodi yathunthu, chilembo chilichonse ndi batani lake, onse atapanikizana pa malo ochepa kuposa chikhatho cha mwana. Anthu a m'mabanki ndi m'maofesi ankawakonda kwabasi. M'sitima unkaona mitu yonse itawerama, zala zazikulu ziwiri zikuvina. Kampani yathu siinkapanga foni yonse ayi. Ife tinkapanga kiyibodi yokha, n'kugulitsa kwa kampani ina yaikulu imene inkaika dzina lake pa foniyo. Tinkagwirira m'nyumba yakale yanjerwa imene kale inali fakitale ya nsalu, yozizira ngati m'firiji.

Kiyibodi yathu inali ya a Derek. Batani lililonse linkaumbidwa palokha ndi pulasitiki yolimba, ndipo pamwamba pake mdala anasemapo kanundu kakang'ono kopendekeka, kuti chala chizipeza chilembo popanda diso. Pansi pa batani pankakhala kachitsulo kopindika, kochepa ngati chikhadabo cha khanda, kamene kankati tha ukadina, n'kubwerera. Kulira kumeneko mdala ankakusamala ngati mawu a mwana wake. Ankati munthu wolemba imelo ali pakati pa msonkhano, foni ili pansi pa tebulo, afunika chala chimuuze kuti chilembo chalowa.

Ine ntchito yanga inali kuyesa. Tinali ndi makina odina mabatani osapuma kuti tione batani litha liti, koma makina sadziwa kukoma. Pa zimenezo panali bokosi lamatabwa lokhala ndi mabowo awiri olowetsa manja. Mkati ankaikamo makiyibodi awiri, ine osawaona, ndipo ndinkalemba mawu amene andipatsa, kompyuta n'kumaona pamene ndalakwitsa. Pomaliza ndinkanena imene zala zanga zaikonda. Anandisankha chifukwa zala zanga ndi zonenepa, zolimira khasu. Mdala ankati, “Ngati zala za khasu za Mark zalemba bwino, bwana wa kubanki alibe chodandaula.” Ndipo popeza ndinali wosamala, wosafuna kukhumudwitsa aliyense, ndinkabwereza kuyesa mpaka nditakhutira. M'kupita kwa nthawi ngakhale anthu a kampani ya mafoni aja anayamba kufunsa kuti, kodi Mark wati chiyani?

Tinkapita kuntchito pa galimoto ya mdala, ulendo wa ku Coventry m'mawa ndi madzulo. Mmenemo ndimo ndinaphunzira dziko lino. Anandiphunzitsa kukana, ngakhale sindinakhoze bwino phunzirolo. Anandiuza chimene mzungu amatanthauza akati tidzaonana tsiku lina. Iwe Yamikani utabadwa, mayi ako ali m'chipatala, mayi Sheila ndiwo ankandiphikira. Iwe Thoko kabedi kako koyamba anakupalira ndi mdala m'kashedi kaja. Ine bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo sindibisa, pa mpando wa m'galimoto imene ija ndinkakhala ngati mwana.

Zaka zoyamba zinali zokoma. Kenaka makampani ena anaona kuti muli phindu, ndipo mafoni a mabatani anachuluka ngati bowa. Ena ankatsika mtengo moti ndi ana asukulu omwe anayamba kukhala nawo. Kampani imene tinkaigulitsa inayamba kutipanikiza. Mwezi uno akuti chepetsani tinyali ta pansi pa mabatani. Mwezi winawo akuti pezani guluu wotchipa. Mdala ankang'ung'udza koma ankapeza njira, kupala apa, kuchotsa apo, osakhudza kanundu kake ndi kulira kwa batani. Abwana athu pa zamapangidwe anali mayi Anita, injiniya wachitsikana wobadwira ku Coventry komweko, wakhama, wosakonda kuzungulira. Iwo anayamba kugwirizana ndi fakitale ina ya ku Asia kuti ayese njira ina: mabatani onse kuumbidwa nthawi imodzi pa chinsalu chimodzi chalabala, kumatidwa kamodzi, basi. Yotero siinkafuna zikombole za mdala, ndipo siinkafuna manja ambiri.

Yoyamba itafika tinaseka tonse. Inali yofewa, ukadina chilembo chimodzi n'kulowa ziwiri. Mdala anaipatsa dzina loti chingamu, ankaitafuna mwamasewera pamaso pa anyamata. Yachiwiri zilembo zake zinkafufutika ndi thukuta. Koma anthu a kutsidya kwa nyanja aja sankatopa. Tikawauza cholakwika, pasanathe nthawi ina yafika atakonza. Ine amene ndinkalowetsa manja m'bokosi ndinkamva kuti chingamu chija chikulimba, koma m'galimoto mdala akamaseka ndinkaseka nawo.

Foleshill, nyengo yachisanu imene Thoko anayamba sukulu

Kampani ya mafoni inatumiza mawu akuti ikukonza foni yatsopano yotchipa, ndipo ibwera Lolemba kudzasankha kiyibodi. Lachisanu lake mayi Anita anandiitanira m'chipinda choyesera, tili awiri okha, n'kuika makiyibodi m'bokosi. Ndinalemba pa yakumanzere, ndinalemba pa yakumanja. Anazisinthanitsa, ndinalembanso. Ndinapempha kubwereza, n'kubwerezanso. Kwa nthawi yoyamba zala zanga zinasokonezeka. Zonse ziwiri zinali ndi kanundu, zonse ziwiri zinkati tha. Pomaliza ndinagwira imene inkandikomera pang'ono, imene ndinalakwitsapo mochepa, n'kunena ndi mtima wonse kuti, “Iyi ndi ya mdala, ndipo ndi yabwino kuposa inayo.”

Mayi Anita anatsegula bokosi. M'manja mwanga munali chingamu.

Kenaka anati, “Mark, Lolemba ukanena zimenezi wekha pamaso pa alendo, chifukwa zala zako amazikhulupirira kuposa mapepala anga. Koma eni kampani ati asamve aliyense tsikulo lisanafike. Ndi Derek yemwe.”

“Nanga chipinda cha zikombole chidzatani?”

“Ukudziwa yankho lake. Tikatenga yotchipayi, chipindacho chitsekedwa, koma enafe titsala. Tikaumirira ya Derek, alendowa apita kwa ena, ndipo titseka tonse.” Anandiyang'ana n'kuwonjezera, “Kusiyana kwake n'kochepa. Ukati Lolemba unene kuti zala zako zakonda ya Derek, ine sindingakutsutse, zala ndi zako. Koma udziwe chimene ukuchita.”

Madzulo amenewo m'galimoto ndinanamizira mutu. Loweruka ndinalephera kudya. Mayi anu atabwera kuchokera kogwira shifiti m'malo mwa mnzawo anandipeza nditakhala pa masitepe, ndipo ndinawauza zonse.

“Ndiye mukanama?” anandifunsa.

“Sindingathe, amake Yami. Muli anthu ambiri m'nyumba imene ija, ena ali ndi makanda. Komanso zala zanga zinasankha zokha.”

“Ndiye mdala akamvere pagulu ngati mlendo? Munthu amene anakubwerekani tayi?”

“Abwana aletsa kunena.”

“Aletsa kunena, koma sanaletse kukaona munthu. Tipite mawa tikaweruka kutchalitchi. Simukatchula za bokosi ayi. Munthu wamkulu ngati uja akangotiona mmene tabwerera, amva yekha.”

Mtima wanga unapepuka, chifukwa ndinaona kuti njira ya kwathu indilola kumvera abwana ndi kulemekeza mdala nthawi imodzi. Lamulungu tinakusiyani inu kwa anzathu a kutchalitchi. Sitinavule zovala za kutchalitchi, ine suti yakuda, mayi anu chitenje ndi duku. Sitinadzere pampanda monga mwa masiku onse, tinazungulira n'kukagogoda kumaso. Kwathu munthu amene mumaonana naye tsiku ndi tsiku akabwera chonchi, mwamuna ndi mkazi wake, nkhope zitagwa, mwini nyumba amayamba kulira alendo asanakhale n'komwe.

Mayi Sheila anatsegula n'kuwomba m'manja. “Taonani kutchena! Derek, bwera udzaone, kwabwera a mfumu ndi akazi awo!” Tinalowa. Ine ndinakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili m'manja. Mayi anu anafuna kukhala pansi pa kapeti, koma mayi Sheila anawakoka n'kuwakhazika pa sofa. Anabweretsa tiyi ndi keke. Tinakana, pakuti wobweretsa uthenga wolemera sayamba ndi kudya. Anatikakamiza, tinakananso, anatidulira basi n'kutiikira m'manja. Tinadya. Tinafunsana za moyo, za ana, za kuzizira. Kenaka ndinatsitsa mawu.

“Mdala, tabwera kudzakuonani chifukwa cha mawa.”

“Mawa tikawaonetsa, mwana wanga.”

“Kiyibodi ya kutsidya ija yakula, mdala. Si ija tinkaiseka.”

“Chingamu ndi chingamu, ngakhale uchiveke suti ngati yakoyo.”

“Matenda alowa m'nyumba mwathu, ndipo ndi aakulu. Mawa lidzakhala tsiku lolemera. Tabwera kuti mulimbe mtima, ndipo mudziwe kuti ine ndine mwana wanu, zivute zitani.”

Mayi anu anaweramitsa mutu n'kuti, “Pepani, bambo. Pepani ndithu.”

Mdala anatiyang'ana nthawi yaitali, wina kenaka wina. Kenaka anadzuka, anabwera pamene ndinakhala n'kundigwira paphewa. “Mark, ndamva. Usaope. Mawa ukaimirire, ukawayang'ane m'maso, ukanene chimene zala zako zapeza. Usawonjezere, usachotsere. Ine ndidzakhala pomwepo.”

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinati mumtima, mkulu wamva, ndipo wandimasula. Tikutuluka mayi anu anandinong'oneza kuti, “Mwaona? Uyu ndi mwamuna. Wamva zonse ndipo sanagwedezeke.” Sitinadziwe kuti chimene mdala anamva n'chakuti Mark wamanyazi uja akuopa kuyankhula pamaso pa alendo, ndipo wabwera ndi mkazi wake kudzapempha mphamvu.

Lolemba m'galimoto ankaimba mluzu njira yonse. Ine ndinkangowasirira kulimba mtima. Mu msonkhano munali alendo atatu, eni kampani, mayi Anita ndi ife. Mdala anapempha kuyamba. Anaika kiyibodi yawo patebulo, n'kufotokoza za kanundu, za kachitsulo, za zaka zimene anathera posema. Kenaka anatola inayo ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha. Mayi Anita anayesa kuwadula mawu, iwo anakweza dzanja. “Musamve ine, ndine nkhalamba yokonda ntchito yake. Funsani Mark. Zala zake sizinanamepo.”

Pamenepo ndipo ndinazindikira kuti sanamve. Maso onse anali pa ine, ndipo a mdala ankamwetulira, akundikodola ndi mutu kuti ndiimirire. Ndikanatha kunena kuti ndakonda yawo, ndipo palibe akananditsutsa. Ndinaimirira. Ndinayesa kuyang'ana anthu m'maso monga anandiphunzitsira, koma ndinalephera, ndinayang'ana tebulo. Ndinati, “M'bokosi sindinathe kuzisiyanitsa. Imene ndinaisankha kuti ndi yabwino, ndinkayesa ndi ya a Derek. Inali ya kutsidya.”

Mlendo mmodzi analemba kanthu. Wina anafunsa za utoto wa zilembo, nkhani n'kupitirira ngati palibe chachitika. Mdala anakhala pansi pang'onopang'ono.

Msonkhano utatha ndinawapeza m'chipinda cha zikombole akupukuta chitsulo chimene chinali chopukuta kale.

“Unadziwa liti?” anafunsa osatembenuka.

“Lachisanu, mdala.”

“Usanditchule choncho. Lachisanu. Ndiye dzulo unakhala m'nyumba mwanga, unadya keke ya mkazi wanga, osandiuza?”

“Ndinakuuzani. Ndinati matenda ndi aakulu. Tinabwera awiri, tinadzera kumaso, tinakana chakudya.”

“Matenda! Ndani ankadwala? Ine ndimayesa ukunjenjemera ndi msonkhano!” Anatembenuka, nkhope itafiira. “Kuti yanga yagonja, zimenezo ndi ntchito. Ndinachotsedwapo kale, ndikudziwa kukoma kwake. Sindikanakupempha kuti uname. Koma mawu atatu okha, Mark. Derek, yako yagonja, basi. Ndikanakhala chete mmene muja ngati munthu wamkulu. Wandisiya ndivine pamaso pa ana aja, n'kukuitana ndekha kuti udzandigwetse.”

“Kwathu mkulu sitimuponyera mawu otero.”

“Kuno si kwanu.”

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kwa anthu ena, pa basi ndi m'mashopu, koma osati kwa iwo. Ndikhulupirira kuti nawonso anadzimva, chifukwa anatseka pakamwa msanga n'kubwerera ku chitsulo chawo. Madzulo ndinaima pafupi ndi galimoto monga mwa masiku onse. Anatuluka, anandiona, anaima pang'ono, kenaka analowa n'kuyendetsa. Ndinakwera basi mpaka kusiteshoni, sitima mpaka m'tauni, ina mpaka ku Longbridge. Umenewo unakhala ulendo wanga kwa zaka zonse zotsala.

Chipinda cha zikombole chinatsekedwa chisanu chisanathe. Mayi anu anapita kwa mayi Sheila kukafotokoza mwambo wathu, ndipo iwo anamvetsa, analira nawo limodzi kukhitchini. Koma mdala ankati akandiona kuseri ankalowa m'kashedi n'kukweza wailesi. Sanandichitire chipongwe chilichonse. Tikakumana pamsewu ankagwedeza mutu ngati mmene umachitira ndi munthu wobweretsa makalata. Inu munkafunsa kuti bwanji agogo Derek sakukuponyeraninso mpira pampanda, ife tinkati atanganidwa. Patapita nthawi anagulitsa nyumba n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Redditch. Tsiku losamuka ndinathandiza kunyamula makatoni. Anati zikomo, n'kundigwira chanza ngati mlendo.

Foleshill, zaka zomaliza

Foni yotchipa ija inagulidwa kwambiri, ndipo kampani yathu inapuma bwino kwa kanthawi. Anthu amene ndinkawaganizira aja analera makanda awo. Koma mpikisano sunathe, unangosamukira pena. Amene anatipangira chingamu anaphunzira kugulitsa okha popanda ife, ndipo kenaka kunabwera mafoni agalasi, opanda batani ndi limodzi lomwe. Poyamba tinkati anthu olemba maimelo sangasiye mabatani, galasi siliyankha chala. Ndi mmenenso tinkasekera chingamu. Maoda anayamba kuchepa, anthu kuchotsedwa awiriawiri, mpaka mayi Anita anatisonkhanitsa tsiku lina n'kutiuza m'mawu ochepa kuti tikutseka. Ine ndinali m'gulu lotsala kuti tichotse katundu. Zikombole za mdala zinali zikadali pa shelefu, zopakidwa mafuta ndi kukulungidwa bwinobwino monga anazisiyira. Zinagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo amene anazinyamula kukaika mu lole ndine. Pambuyo pake ndinapeza ntchito yokonza mabedi amagetsi ndi timakina ta m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo ndi imene ndapumira.

Redditch, chaka chathachi

Mwana wa a Derek anaimbira mayi anu kuti bambo ake amwalira. Tinapita awiri. Maliro a kuno mukuwadziwa, afupi ngati kudikira basi: nyimbo imodzi, mawu pang'ono, katani n'kutseka kubisa bokosi la maliro. Ndinaima kumbuyo, nyimbo za kwathu zikundikwera pakhosi, n'kuzimeza. Pambuyo pake kunali tiyi mu holo ina yaing'ono. Mayi Sheila anali atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo, koma anandizindikira ndisanafike pafupi.

“Mark. Wabwera ndi suti yakuda ija?”

“Ndi ina, mayi. Ija inandithina.”

Anaseka pang'ono, n'kundigwira dzanja. Ndinafuna kuyamba ndi kutali, kufunsa za matenda, za adzukulu, koma ndinadziletsa. Ndinawayang'ana m'maso n'kufunsa, “Kodi mdala anandikhululukira?”

Anati, “Sindikunamiza, mwana wanga. Za kiyibodi ankati unalondola. Foni ija anaigula, anaigwiritsa ntchito mpaka zilembo zinatha, ndipo ankauza aliyense kuti amene anaisankha anamuphunzitsa ntchito ndi iye. Koma za Lamulungu lija sankafuna kuti zitchulidwe m'nyumba. Ndinayesa kangapo. Ankangodzuka n'kutuluka.”

Ndinawathokoza. Anthu ena anali akudikira kuti awapepese, ndiye tinapatuka. Kunja kunkawaza kamvula, ndipo tinaima pa siteji nthawi yaitali. Basi ikuonekera patali, mayi anu anakonza duku lawo n'kunena motsitsa, osandiyang'ana, “Komatu ife tinapita ndi ulemu wathu wonse, bambo a Yami.”

“Eya,” ndinatero. “Wonse.”